Galimoto yanu sinalodzedwe, funsani za kabokosi ka BCM

Pali matenda ena a galimoto amene amachititsa munthu kuyamba kukayikira aneba. Galimoto mwaimika bwinobwino madzulo, zitseko mwakhoma, koma pakati pa usiku hutala ikulira yokha. Kukacha mawaipa akuvina dzuwa likuswa mtengo. Mukuti mukhotere kumanja, indiketa yakana kuphethira. Mwangotsika kuti mugule tomato, pobwera mupeza zitseko zadzikhoma, makiyi ali m'kati. Patapita masiku atatu, batire lomwe munagula mwezi watha lafa. Zikafika apa ena amaitana abusa kuti adzapemphere, ena amalowera kwa asing'anga, ndipo ambiri amangoti galimotoyo ili ndi tsoka n'kuigulitsa pa mtengo wolira.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo nyimbo imeneyi ndimaimva pafupifupi mwezi uliwonse, makamaka mvula ikayamba. Nthawi zambiri gwero la zonsezi ndi kabokosi kakang'ono kapulasitiki, kosaposa buku la nyimbo, kobisika kunsi kwa dashibodi. Dzina lake ndi Body Control Module, mwachidule BCM. Ndati ndilembepo chifukwa anthu akutaya ndalama zambiri pa kabokosi kameneka m'njira ziwiri: ena akugula mabatire ndi ma alternator pamene vuto lili m'kabokosiko, ena akugula kabokosi pamene vuto lili pa waya wa mtengo wa mandasi.

Amene munayendetsapo Peugeot 504 kapena Land Rover yakale mukukumbukira m'mene zinthu zinalili. Waya ankachoka ku batire, n'kudutsa pa fiyuzi, n'kufika pa switchi, n'kukathera ku babu. Nyali ikakana kuyaka, munthu unkangotsatira wayayo ndi chala mpaka kupeza pomwe waduka. Galimoto zamasiku ano, kuphatikizapo izi zogwiritsidwa kale ntchito zimene timaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, sizili choncho. Mukapotokola switchi ya nyali simukuyatsa nyali ayi, mukungopereka pempho. Pempholo limapita ku BCM, ndipo BCM ndiyo imalamula kuti magetsi apite ku nyali. Chimodzimodzinso mawaipa, maindiketa, maloko a zitseko, magalasi otsitsa ndi batani, kanyali ka padenga, alamu, ndi kabelu kaja kokukumbutsani kuti mwasiya nyali zikuyaka. Ndimakonda kuiyerekeza ndi kapitawo wa pa esiteti. Bwana akalankhula, mawu amadzera mwa kapitawo. Kapitawoyo akaledzera, antchito onse amasokonezeka ngakhale aliyense payekha ali bwinobwino.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kampani iliyonse ili ndi dzina lake. A Nissan amati BCM. A Toyota amati Main Body ECU, ndipo m'galimoto zawo zambiri imakhala yomamatira ku bokosi la mafiyuzi la m'kati. A Honda amati MICU, a Peugeot ndi Citroën amati BSI, a Mercedes-Benz amati SAM. Kwathu kuno zonsezi timangoti "kompyuta bokosi", ndipo m'pamene pamayambira chisokonezo, chifukwa kompyuta ya injini ndi ina, ya giya ndi ina, ya mabuleki ndi inanso. Munthu akakuuzani kuti kompyuta bokosi yapsa, funso loyamba likhale lakuti: iti?

Makompyuta onsewa amalankhulana kudzera pa mawaya awiri opiringizana, njira imene imatchedwa CAN. Inapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany ndipo inaonetsedwa koyamba mu 1986. Ubwino wake ndi woti mawaya amachepa. Kuipa kwake ndi koti mmodzi akayamba kubwebweta pa mawaya awiriwo, anzake onse samvananso. Ndiye mudzaona nyali zonse za pa dashibodi zayaka ngati mtengo wa Khirisimasi, singano ya liwiro yagwa, galimoto ikukana kulira, koma injini ilibe vuto lililonse.

Nanga chimapha BCM n'chiyani? Mdani wamkulu ndi madzi. Kabokosika kamakhala pansi pa galasi lakutsogolo, kufupi ndi mapazi a dalaivala kapena a wokhala pambali pake. Galasilo likasweka n'kuikidwa lina mopanda zomatira zokwanira, madzi a mvula amayenderera m'mbali mwa chitseko n'kumadonthera ndendende pa mapulagi. Pansi pa mawaipa pali ngalande yotulutsa madzi, ndipo amene mumaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kapena jakaranda dziwani kuti masamba amatseka ngalandeyo, madzi n'kusefukira m'kati. Kapaipi kotaya madzi a eyakoni kakatsekeka, zotsatira zake n'zomwezo. Palinso anyamata otsuka galimoto amene amalowetsa payipi m'kati kuti achape kapeti. Ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, m'mene galimoto zinamirira m'matope ku Blantyre. Galimoto yomira imatha kuuma n'kuyenda bwinobwino kwa miyezi, kenako dzimbiri lobiriwira lija likamaliza kudya timiyendo ta m'mapulagi, misala imayamba.

Mdani wachiwiri ndife tomwe, ndi zizolowezi zimene tinatengera ku galimoto zakale. Kuchotsa waya wa batire injini ikulira kuti muone ngati alternator ikutchaja ndi njira yomwe inkagwira pa lole ya agogo. Pa galimoto ya makompyuta, batire ndilo limameza mphamvu yopitirira muyezo, ndipo mukalichotsa mphamvuyo imalumphira m'makompyuta. Kujampa batire mawaya atatembenuzidwa, ngakhale kwa kamphindi, kumapha. Kuwotcherera ekizozi batire lili chilumikizire kumaphanso. Fiyuzi ikapsa, kuikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kuchotsa mlonda pakhomo, popeza fiyuzi imapsa dala kuti china chodula chisapse.

Ndiye pali nkhani ya mawailesi. Ku Japan wailesi za FM kwa zaka zambiri zinkaulutsira pakati pa 76 ndi 90 MHz, pamene zathu kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake galimoto ikangofika imagwira nyumba zoulutsira mawu zochepa chabe, ndipo mwiniwake amathamangira kukaikitsa wailesi ina kapena kachipangizo kokulitsa. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika ndi m'mene ena amaikira: kusenda waya aliyense amene wayatsa tesita, kupotokola, kukulunga ndi tepi. Alamu, tracker, nyali zowonjezera ndi masipika a mabingu zimaikidwa mwa njira yomweyo. Wayayo akakhala wa CAN kapena wochokera m'kati mwa BCM, mwaitana mavuto.

Tsono ndinene mosapsatira: galimoto zambiri zobwera kwa ine zitauzidwa kale kuti BCM yafa zimatuluka ndi BCM yake yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisanakhudze kabokosi ndimayamba ndi batire. Batire lodzaza bwino limaonetsa ma volt 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.7. Batire lofooka limasokoneza makompyuta mofanana ndendende ndi BCM yodwala. Kenako ndimayang'ana mitu ya batire ndi mawaya a earth, aja amamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Bawuti imodzi ya earth ikachita dzimbiri, magetsi amafunafuna njira ina yobwerera, ndiye mumaponda buleki nyali ya pa dashibodi n'kuyaka. Ndimatsegulanso kamphira kopinda kaja kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, chifukwa mawaya a m'menemo amapindika tsiku lililonse mpaka kuthyoka. Makoswe nawo amakonda mawaya, makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi matumba a chimanga.

Zonsezi zikakhala bwino m'pamene makina oyezera amalowa. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16. Koma apa chenjerani. Timakina totchipa tija tolumikiza ku foni nthawi zambiri timangolankhula ndi kompyuta ya injini, ndipo galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan timalephera n'kuziwerenga komwe. Munthu akakuuzani kuti "kompyuta yati zonse zili bwino", mufunseni ngati makina ake alowa mu BCM. Manambala a zovuta ali ndi mitundu: oyamba ndi P ndi a injini ndi giya, oyamba ndi B ndi a thupi la galimoto, a C ndi a mabuleki ndi miyendo, a U ndi a kulankhulana kwa makompyuta. Mwachitsanzo U0140 imatanthauza kuti makompyuta ena sakumva mawu a BCM. Koma ngakhale nambala imeneyi sikunena kuti BCM yafa. Munthu akapanda kuyankha foni sitiyamba kugula bokosi la maliro. Mwina fiyuzi yake yapsa, mwina waya waduka. Batire litachotsedwa, mita ikayeza pakati pa bowo la nambala 6 ndi la 14 pa soketi ija iyenera kuonetsa ma ohm 60 kapena pafupi pamenepo m'galimoto zambiri. Ikaonetsa 120 ndiye kuti mzere waduka penapake, ndipo bokosi latsopano silingachize zimenezo.

Makina abwino amaonetsa zimene BCM ikumva ndiponso amatha kuilamula. Ndikapotokola switchi ya mawaipa, makina aonetse kuti pempho lafika. Ngati pempho lafika, magetsi ndi earth za bokosilo zili bwino, waya wopita ku mota ya mawaipa ndi wamoyo, koma bokosi silikutulutsa kanthu, pamenepo ndiye ndimaliweruza.

Nkhani ya batire lomangotha usiku ili ndi muyeso wakenso. Galimoto ikakhomedwa, makompyuta amayenera kugona pakapita mphindi zingapo, ena mpaka theka la ola, ndipo magetsi otuluka m'batire asapose ma milliamp 50. BCM yodwala imakana kugona, ndipo imadzutsanso anzake. Tiyerekeze kuti ikudya theka la amp. Pa tsiku ndi ma amp-hour 12. Batire la kagalimoto kakang'ono la ma amp-hour 45 silingathe masiku atatu lisanalephere kutembenuza sitata. Mukagula batire lina, nalonso lidzafa chimodzimodzi, ndipo wogulitsa mudzamunamizira kuti anakupatsani lachinyengo.

Izi n'zimene zinachitikira mnyamata wina woyendetsa takisi amene anabwera kwa ine m'mwezi wa Januwale. Galimoto si yake, ndi ya mayi wina wamasiye amene amadalira ndalama ya tsiku ndi tsiku kulipirira ana sukulu. Mnyamatayo anali atagula kale mabatire awiri ndi alternator, zonse podula pa ndalama zimene amayenera kupereka kwa mayiyo, ndipo mayiyo anali atayamba kuganiza kuti akuberedwa. Chimene chinamubweretsa sichinali batire. Usiku wina akuchokera ku Dedza ndi anthu anayi, nyali zakutsogolo zinangothima pa liwiro, kenako zinayakanso zokha.

"Bambo, ndinaona imfa," anandiuza. "Mayi akuti ndikapanda kubweretsa ndalama sabata ino ndiwasiyire makiyi. Koma usiku sindingayendenso nayo."

Nditangotsegula chitseko, fungo la kapeti yonyowa linandiuza zambiri. Ndinamufunsa ngati galasi lakutsogolo linasinthidwapo. Anati inde, mwala unaliswa m'chilimwe. Tinathira madzi ndi ndowa padenga, ine nditagona chagada pansi pa dashibodi ndi tochi, ndipo dontho loyamba linandigwera pamphumi. Pulagi yaikulu ya BCM inali yobiriwira ngati ndere za pachitsime. Nditatsegula kabokosiko ndinapeza timizere ta mkuwa tadyeka m'malo angapo.

Si BCM iliyonse yodwala imene imafuna kusinthidwa. Nthawi zina ndi ka relay kamodzi ka m'kati kamene kamamatira, kapena mtovu wolumikizira wang'ambika chifukwa cha kugwedezeka m'misewu yathu ya maenjeyi, ndipo munthu wodziwa kukonza mawailesi ndi ma TV amatha kuchiza. Koma madzi akalowa mpaka pansi pa tizipangizo tating'onoting'ono, kukonza kumangokhala kwa sabata ziwiri. Galimoto yonyamula anthu usiku sindiiyeserera. Ndinamuuza kuti tisake bokosi lina.

Latsopano la m'sitolo ya eni galimoto ndi lodula, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zoitanitsa kunja zafika posayandikirika kwa munthu wamba. Ambiri timadalira mabokosi ochotsedwa m'galimoto zophwasulidwa, a konkuno kapena ochokera ku South Africa, Dubai ndi Japan. Palibe vuto ndi bokosi lakale, bola nambala. Pamsana pa bokosi pali chipepala cholembedwa nambala ya chipangizocho, ndipo iyenera kufanana yonse mpaka zilembo zomalizira. Galimoto ziwiri za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zitha kukhala ndi mabokosi osiyana: ina yoliza ndi kiyi, ina yodina batani, ina ya giya yamanja, ina ya otomatiki. Palinso kusiyana kwa misika. Rimoti ya galimoto ya ku Japan imalankhula pa 315 MHz kapena pafupi pamenepo, pamene ya ku Ulaya ndi South Africa imalankhula pa 433. M'galimoto zimene cholandirira uthenga wa rimoti chili m'kati mwa bokosilo, la ku Johannesburg silingamve kiyi wa ku Nagoya, ngakhale mapulagi alowe bwinobwino.

Mnyamata uja, pofuna kuchepetsa mtengo, anathamangira kumsika yekha n'kubwera ndi bokosi looneka chimodzimodzi. Zilembo ziwiri zomalizira zinali zosiyana.

"Achimwene, kabwezeni ameneyu," ndinamuuza. "Ndipo pogula lina muwauze alembe pa lisiti kuti likakana mubweza."

Mwamwayi wogulitsayo anali munthu womva. Loyenera linapezeka patapita masiku anayi.

Kuchotsa ndi kuika bokosi si ntchito yovuta, koma ili ndi mwambo wake. Tsitsani galasi la chitseko cha dalaivala ndipo makiyi akhale m'thumba mwanu, chifukwa magetsi akabwerera zitseko zimatha kudzikhoma. Chotsani waya wa negative pa batire, dikirani mphindi zingapo kuti mphamvu yotsalira ya ma airbag ithe, popeza mawaya ake achikasu aja amadutsa chapomwepo. Jambulani mapulagi ndi foni musanazule. Pulagi iliyonse ili ndi kaloko kake, musakoke mawaya. Ngati timiyendo ta pulagi ya mbali ya galimoto nato tachita dzimbiri, titsukidwe kapena tisinthidwe, apo ayi bokosi latsopano lidzaoneka ngati nalonso ndi lakufa. Ndipo ngati lakalelo linapsa chifukwa cha shoti, shotiyo ipezeke kaye. Ndaonapo munthu akupsereza mabokosi awiri tsiku limodzi chifukwa cha waya wa alamu amene ankakhudza chitsulo.

Gawo limene limadabwitsa eni galimoto ndi lotsatira. Bokosi laikidwa, nyali zikuyaka, mawaipa akumvera, koma injini yakana kulira ndipo kanyali kooneka ngati kiyi kakuphethira. M'galimoto zambiri, monga za Nissan, BCM imasunga chinsinsi cha makiyi pofuna kuteteza ku akuba. M'mutu mwa kiyi muli kachipangizo kokhala ndi nambala yake, ndipo bokosi lochokera m'galimoto ina limadziwa makiyi a mwini wake wakale basi. Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulembetsa makiyi anu m'bokosilo ndi makina, ndipo tsiku limenelo mubweretse makiyi onse, chifukwa m'galimoto zambiri wotsala kunyumba sadzalizanso injini. Yachiwiri ndi kukopera zonse za m'kachikumbumtima ka bokosi lakale n'kuzilemba m'latsopano, ngati lakalelo likuwerengeka, n'chifukwa chake musalitaye kapena kulisiya kwa wogulitsa. Yachitatu ndi kugula banja lonse, kompyuta ya injini, BCM ndi makiyi, zochokera m'galimoto imodzi. Mtengo wolembetsawu mufunsiretu musanagule bokosi, chifukwa m'galimoto zina umapikisana ndi mtengo wa bokosilo.

Apa ndionjezepo kanthu. Munthu akandibweretsera galimoto kuti ndilembetse makiyi, ndimapempha blue book ndi chiphaso chake. Ena amakwiya, amati ndikuwayesa akuba. Koma makina omwewo amene amathandiza mwini galimoto amathandizanso wakuba, ndipo tsiku limene yabedwa ndi yanu mudzakondwa kumva kuti wina anafunsa. Anzanga a ntchitoyi, chonde tizifunsa. Kwa amene akuphunzitsa achinyamata m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, pempho langa ndi loti ana aziphunzira kuwerenga mapu a mawaya ndi kugwiritsa ntchito mita, chifukwa galimoto zimene zikulowa pa Songwe, Dedza ndi Mwanza lero sizimva tesita ya babu yokha.

Makiyi a takisi ija atalembetsedwa, tinayesa chilichonse chimodzichimodzi: nyali zazifupi ndi zazitali, maindiketa, hutala, maloko onse anayi, mawaipa pa liwiro lililonse. Magalasi a zitseko tinawaphunzitsanso pokwezera mpaka pamwamba n'kugwiritsa batani kwa masekondi angapo, chifukwa batire likachotsedwa ena amaiwala malire awo. Tinakhoma galimoto n'kudikira, mita ili pa batire, mpaka tinaona magetsi atsika, kusonyeza kuti kapitawo wagona. Alternator yakale imene anaichotsa ija tinaiyeza, inali yamoyo, ndipo mnyamatayo anaigulitsa n'kubwezako pang'ono.

Ndinaumirira kuti mayi mwini galimoto abwere adzaone okha bokosi lakale. Anabwera, analitembenuzatembenuza, ananunkhiza, kenako anayang'ana mnyamatayo nthawi yaitali osalankhula. Atatero anafunsa kuti kumatanso galasi ndi ndalama zingati. Ndinawauza kuti galimoto isachoke pagalaja galasilo lisanachotsedwe n'kumatidwa bwino, kapeti itulutsidwe iume padzuwa, ndipo tithirenso ndowa zitatu padenga ine ndili pansi ndi tochi. Tinachita zimenezo Loweruka m'mawa, ndipo masana ake kunagwa chimvula.